Mayeso a Scrum anandichotsa chizolowezi chodikira abwana

Tsiku limene ndinachita manyazi kwambiri pa ntchito linali Lachiwiri lina mu Epulo 2025, pa shedi ya kopaletivi ina ya alimi a soya kwa Nthondo, m'mapiri a Ntchisi. Tinafika anthu atatu pa njinga zamoto ziwiri, titanyamula mafoni atsopano. M'mafonimo munali pulogalamu imene tinaivutikira miyezi 8, yolembera mayina a alimi, kulemera kwa katundu wawo ndi ndalama zimene ayenera kulandira.

Mlembi wa kopaletiviyo ndi mayi wachikulire, wosalankhulalankhula. Anaigwira foni ija mphindi zosakwana 10, kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Alangizi, chinthu chanuchi n'chokongola ndithu. Koma chikufuna netiweki, ndipo ife netiweki timakaipeza pachulu apo. Chikufunanso nambala ya chiphaso cha mwini munda, chonsecho obwera ndi soya kuno ambiri ndi ana ndi akazi awo. Nanga munthu akabweretsa ndowa ziwiri lero, zitatu mawa, ndilemba pati?"

Ndinasowa chonena. Mayiwo anatsegula buku lawo lakale lachikuto cholimba n'kupitiriza kulemba ndi bolopeni, mzere wa alimi n'kuyambanso kuyenda.

Chowawa chake n'chakuti palibe pamene tinaphonya pulani. Chikalata cha pulojekiti chinalembedwa ku Lilongwe, akuluakulu anasaina, ife tinachitsatira tsamba ndi tsamba. Malipoti onse ankapita nthawi yake. Pa miyezi 8 yonseyo palibe mmodzi wa ife amene anakwera phiri kukaonetsa mlembi uja chimene tinkamukonzera. Safunsa anadya phula.

Patatha masabata awiri tinalandira makalata. Ndalama zochokera kwa otithandiza akunja zinachepa, ndipo makontirakiti athu atha mu Seputembala. Ndinayamba kuyendayenda m'magulu a WhatsApp olengeza ntchito komanso pa LinkedIn. Ndili ndi dipuloma ya zamakompyuta, koma pa ntchito zimene zinkandikopa ndinkangokumana ndi mawu awiri amene sindinkawadziwa bwino, Agile ndi Scrum. Zina zinkachita kunena kuti wokhala ndi satifiketi yake ali ndi mwayi woposa anzake.

Agile ndi chiyani?

Mu Febuluwale 2001, akatswiri 17 olemba mapulogalamu a pakompyuta anakumana ku Snowbird, m'mapiri a ku Utah m'dziko la America. Anali atatopa ndi zimene zinatichitikira ife zija: kulemba pulani yaikulu, kudzitsekera m'ofesi chaka chathunthu, n'kutulukamo ndi chinthu chimene mwini wake sakuchifunanso. Anagwirizana mfundo zochepa zimene anazitcha Agile Manifesto. Mtima wake ndi uwu: pangani kachidutswa kakang'ono kogwira ntchito, kaonetseni msanga kwa amene adzakagwiritse ntchito, mverani zimene wanena, sinthani, bwerezaninso.

Scrum ndi imodzi mwa njira zochitira zimenezo, ndipo ndi imene yafala kwambiri. Anaikonza ndi Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, amene anaifotokoza pagulu koyamba mu 1995. Dzinalo linachokera ku masewera a rugby, pamene osewera amakolekana mapewa n'kumakankha limodzi. Fanizo la rugbylo anayamba kuligwiritsa ntchito ndi akatswiri awiri a ku Japan, Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka, m'nkhani imene analemba mu 1986.

Malamulo onse a Scrum ali m'kabuku kotchedwa Scrum Guide. Kamene kakugwira ntchito pano kanatuluka mu Novembala 2020, kali ndi masamba 13 okha, ndipo n'kaulere pa intaneti. Nditaona kuchepa kwake ndinaseka. Ndinati aise, izi ndiye ndimaliza Loweruka limodzi. Ndinadzinamiza.

Kusankha mayeso

Masatifiketi a Agile alipo ambiri, ndipo apa m'pamene anthu amatayira ndalama. Ndinayerekeza atatu.

Yoyamba ndi CSM ya bungwe la Scrum Alliance. Imeneyi simungalembe musanaphunzire kosi ya masiku awiri kwa mphunzitsi wovomerezeka, ndipo kosiyo ndi ya madola mazanamazana. Mayeso ake ndi mafunso 50, muyenera kukhoza 37, ndipo satifiketiyo imafunika kuikonzanso zaka ziwiri zilizonse, molipira.

Yachiwiri ndi PMI-ACP ya bungwe la Project Management Institute. Ili ndi mafunso 120 m'maola atatu, ndipo amafuna umboni woti munaphunzira maola angapo komanso munagwirapo kale ntchito m'njira ya Agile. Ine umboni umenewo ndinalibe.

Yachitatu ndi Professional Scrum Master I, mwachidule PSM I, ya bungwe la Scrum.org limene Schwaber anayambitsa mu 2009. Safuna kosi, safuna digiri. Mumalipira, amakutumizirani pasiwedi pa imelo, mumalemba pa intaneti tsiku limene mwakonzeka, muli kulikonse. Satifiketi yake siitha ntchito. Koma ili ndi mano: mafunso 80 m'mphindi 60, ndipo kuti mukhoze pamafunika 85 peresenti. Ndiye kuti mafunso 68 olondola, masekondi 45 pa funso lililonse. Mukalakwitsa 13, basi mwagwa, ndipo ndalama ija yapita. Kulembanso n'kulipiranso.

Ndinasankha yachitatuyi chifukwa munthu wokhala pa boma la Ntchisi akhoza kuifikira osakwera basi.

Nkhani ya madola

Mtengo wake unali madola 200. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi kubanki inkazungulira pa K1,750, choncho pa pepala ndalamayo inali pafupifupi K350,000. Koma aliyense amene anayesapo kulipira chinthu chakunja m'dziko muno masiku ano akudziwa kuti mtengo wa pa pepala ndi wina, kupeza dolayo ndi nkhani inanso. Khadi langa la kubanki linakana katatu.

Anandipulumutsa ndi msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinamuimbira usiku pa WhatsApp n'kumufotokozera zonse.

"Ndikulipirira, koma si zaulere ayi," anatero. "Ikafika Novembala uwagulire amayi feteleza wa ndalama yomweyo. Ukhoze, ulephere, feteleza ameneyo afike."

Ndinavomera. Nditadula foni ndinakhala duu pabedi. Novembala ameneyo ndidzakhala nditatha miyezi iwiri osalandira malipiro. Azakhali anga ndi amasiye, munda wawo wa chimanga ndiye chuma chawo chonse. Ndikalephera mayesowa ndiye kuti ndaseweretsa chakudya cha nkhalamba.

Pamene ndinkagwera

Scrum.org ili ndi mayeso oyeserera aulere otchedwa Scrum Open, a mafunso 30 m'mphindi 30, ndipo amatheka pa foni. Nditawerenga kabuku kaja kawiri ndinayesa. Ndinapeza 18. Mawa lake 19. Tsiku lachitatu 18 kachiwiri.

Poyamba ndinkaganiza kuti vuto ndi Chingerezi. Nditayamba kulemba m'kope mafunso onse amene ndalakwitsa, ndinaona chinthu china. Manambala ndinkawakhoza. Sprint, imene ndi nyengo yoikika yogwirira kachidutswa ka ntchito, siipitirira mwezi umodzi. Kukumana kwa tsiku ndi tsiku, Daily Scrum, ndi kwa mphindi 15. Pa Sprint ya mwezi, msonkhano wokonza ntchito supitirira maola 8, woonetsa zimene zapangidwa supitirira maola 4, wodziunika supitirira maola 3. Gulu nthawi zambiri limakhala la anthu 10 kapena kucheperapo. Izi n'zoloweza, ndipo kuloweza ife a m'badwo wa MSCE timakudziwa.

Ndinkagwa pa mafunso a mtundu umodzi, ofunsa kuti ndani amagamula. Ndipo paliponse ndinkayankha chimodzimodzi: abwana.

Mu Scrum muli maudindo atatu. Product Owner ndi munthu mmodzi amene amasanja mndandanda wa zofunika kupangidwa, chiti chiyambe, chiti chidikire. Ma Developers ndi amene amagwira ntchitoyo. Scrum Master amathandiza gulu kumvetsa njirayi ndi kuchotsa zopinga panjira yawo. Ine nditaona mawu oti Master ndinangoti ameneyu ndiye kapitawo. Ndiye funso likabwera lofuna kudziwa wogawa ntchito kwa anthu m'kati mwa Sprint, ndinkasankha Scrum Master. Zolakwika: ogwira ntchitowo amagawana okha. Wonena kuti ntchito yakuti ndi yaikulu bwanji? Ndinkasankha manijala. Zolakwika: amanena ndi amene adzaigwire. Mkulu wa kampani akatulukira pakati pa Sprint n'kulamula kuti muwonjezere chakuti? Ndinkasankha zoti gulu lisiye zonse lichite zimenezo. Zolakwika: pempho lake lipite kwa Product Owner, amene aone pamene likuyenera kukhala pa mndandanda. Ngakhale kuthetsa Sprint isanafike kumapeto, mphamvu imeneyo ili ndi Product Owner yekha.

Ndinakulira kufupi ndi Madisi, kwa T/A Chakhaza, m'banja limene mwana sayankha akulu akamalankhula. Kusukulu aphunzitsi akalemba cholakwika pabolodi tinkakopera chomwecho. Ku ofesi, imelo iliyonse inkayamba ndi kupempha chilolezo. Ndinazindikira kuti pa miyezi 8 ija ndinkadziwa bwinobwino kuti kwa Nthondo netiweki ndi yovuta. Ndinkapitako mwezi uliwonse. Sindinanene chifukwa chikalata chinasainidwa kale ndi anthu ondiposa, ndipo palibe anandifunsa.

Scrum siinena kuti tizinyoza akulu. Ulemu ndi chimodzi mwa zinthu zisanu zimene imalimbikitsa, pamodzi ndi kudzipereka, kuika mtima pa chinthu chimodzi, kusabisa, ndi kulimba mtima. Chimene imakana n'chakuti ulemu usanduke chifukwa chokhalira chete pamene ukuona galimoto ikulowera kuphompho.

Kuyesa pa ntchito yeniyeni

Ndinaona kuti kuwerenga kokha sikundisintha. Ndinalimba mtima n'kupita kwa mkulu wathu wa pa ofesi.

"Bwana, tatsala ndi miyezi inayi. Mungatilole kuti tiziikonza pulogalamu ija pang'onopang'ono, masabata awiri aliwonse tizikaionetsa kwa alembi a makopaletivi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Lipoti la kumapeto kwa mwezi lizibwera?"

"Lizibwera, bwana."

"Chitani. Koma mafuta a njinga musapitirire."

Tinali anthu anayi: ine, mlangizi wa ku Ntchisi, mlangizi wa ku Mponela, ndi mnyamata wolemba pulogalamuyo amene amakhala ku Lilongwe. Mkulu uja anavomera kukhala Product Owner. Tinamata pepala lalikulu pakhoma n'kuligawa patatu: zoti tichite, zili m'kati, zatha. M'mawa uliwonse 7:30 tinkaimbirana pa WhatsApp mphindi 15. Masiku oyambirira aliyense ankalankhula ngati akupereka lipoti kwa ine, ine n'kumasangalala nazo. Kenako ndinakumbukira kuti kukumana kumeneko ndi kwa ogwira ntchitowo, kuti aone ngati akuyandikira cholinga cha Sprint n'kukonza za tsikulo. Ndinayamba kutseka pakamwa. Zinali zovuta kuposa kuwerenga.

Sprint yoyamba inali ndi cholinga chimodzi: foni izitha kulemba popanda netiweki, n'kutumiza yokha ikaipeza. Tinakwera phiri kukaonetsa mayi aja. Anayesa n'kunena kuti zilembo zachepa, padzuwa sizikuoneka. Sprint yachiwiri tinakulitsa zilembo n'kulola kuti mlimi mmodzi azibweretsa katundu kangapo. Yachitatu sitinamalize zimene tinalonjeza. Ine ndinati tiwonjezere masiku atatu. Mnyamata wa ku Lilongwe, amene anali atayambanso kuwerenga kabuku kaja, anaseka pa foni.

"Man, mukufuna mukalembe zimenezo pa mayeso?"

Ankanena zoona. Sprint siitalikitsidwa. Chimene sichinathe chimabwerera pa mndandanda, ndipo sichionetsedwa ngati chatha. Gulu limagwirizana pasadakhale tanthauzo la mawu oti "zatha", limene amalitcha Definition of Done. Lathu linali loti chinthu chatha pokhapokha chayesedwa pa foni yotchipa, popanda netiweki, osalakwitsa masamu. Funso la mtundu umenewo litabwera pa mayeso enieni, ndinamva kuseka kwa mnyamata uja m'khutu.

Ntchitoyi inandithandizanso kusiyanitsa zimene zili mu Scrum ndi zimene anthu amangowonjezera. Pepala lathu la pakhoma lija, ma story points, ma chati osonyeza ntchito yotsala, zonsezi n'zothandiza koma Scrum Guide siikakamiza. Mayeso amakonda kutchera msampha pamenepa. Akafunsa ngati chakuti n'chokakamiza, dzifunseni ngati chilidi m'masamba 13 aja kapena munangochiona pa YouTube.

Si zachilendo kwenikweni kuno

Tsiku lina ndikufotokozera amayi anga zimene ndikuphunzira, anandikumbutsa za ndalama za njala zimene anthu a kwathu analandira ndili mwana. Nditafufuza ndinapeza kuti inali pulojekiti ya Dowa Emergency Cash Transfers imene bungwe la Concern Worldwide linayendetsa kumpoto kwa Dowa kuyambira mu Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, mogwirizana ndi banki ya Opportunity International Bank of Malawi. Ndalama zinkabwera pa galimoto ya banki mpaka kumidzi. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ndalama ya banja siinali yokhazikika. Inkatengera kukula kwa banjalo, ndipo mwezi uliwonse ankayamba aona mtengo wa chakudya pamsika n'kuisintha. Iwo sankaitcha Agile, koma mfundo yake ndi yomweyo: ona zimene zikuchitikadi, sintha, usaumirire nambala imene unalemba miyezi isanu yapitayo. Scrum imaima pa miyendo itatu yomweyi, kuti zinthu zizionekera poyera, ziziunikidwa pafupipafupi, ndipo zizisinthidwa.

Ndipo nthawi imene ndinkadandaula za bandulo ndi magetsi, ndinkakumbukira Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa. Kampu imeneyi inatsegulidwa mu 1994 ndipo lero muli anthu oposa 50,000. M'menemo Remy Gakwaya, wothawa kwawo ku Burundi, anayambitsa sukulu ya TakenoLAB yophunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu, ndipo anayamba alibe makompyuta okwanira ophunzira ake. Ndikaganiza zimenezo, madandaulo anga ankachepa mphamvu.

Mmene ndinawerengera

Ndinatenga masabata 9. Ndinasunga kabuku kaja m'foni kuti ndiziwerenga popanda bandulo. M'mawa uliwonse, ndisanapite ku ntchito, ndinkawerenga masamba awiri mokweza, kenako n'kutseka foni n'kudzifotokozera m'Chichewa. Pamene ndalephera kufotokoza m'Chichewa ndinkadziwa kuti sindinamve, ndangoloweza. Kabukuko ndinakawerenga kokwana ka 11, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza liwu limene ndinalidumpha.

Usiku, bandulo ikatchipa, ndinkalemba Scrum Open. Lamulo langa linali loti sindilipira mayeso enieni mpaka nditapeza 30 pa 30 kasanu motsatizana, m'mphindi zosakwana 10. Chenjezo: mafunso a Scrum Open amabwerezabwereza, choncho mutha kuwaloweza n'kudzinamiza kuti mwakonzeka. Ochepa okha ndi amene amafanana ndi a pa mayeso enieni. Phindu lake n'lakuti mukakumana nawo mumawayankha msanga, n'kusunga nthawi ya mafunso ataliatali. Ndinalembanso Product Owner Open, yaulerenso, chifukwa imafunsa zomwezo kuchokera mbali ina.

M'magulu ena a Telegram muli anthu ogulitsa zimene amati ndi mafunso enieni. Likasa la pa intaneti. Mnzanga wina ananditumizira tsamba limodzi la zoterezi. Mwa mayankho 10, atatu anali otsutsana ndi kabuku ka 2020, ena ankagwiritsabe ntchito mawu a mu 2017 amene anasinthidwa. Kupatula kuti n'kuba, likasa limeneli likhoza kukugwetsani ndi ndalama zanu zomwe.

Chingerezi chake sichovuta mawu, chimavuta tizilembo. Kusiyana kwa must, should ndi may kumasintha yankho lonse. Mafunso ena amafuna mayankho awiri kapena atatu, ndipo amanena pamwamba pake. Kuthamanga osawerenga malangizowo ndi njira yachidule yotayira mamalikisi.

Tsiku la mayeso

Ndinasankha Loweruka lomaliza la Julayi. Lachisanu madzulo ndinatsika kupita ku Mponela, pa msewu wa M1, kumene netiweki ndi yodalirika kuposa kumapiri. Ndinagona kwa mnzanga wa kusekondale amene ali ndi kashopu ka mafoni. Anandibwereka laputopu. Tinaitchaja mpaka kudzaza, pamodzi ndi mafoni awiri a makampani osiyana, kuti ina ikafooka ina igwire. Pa foni mayesowa musayese, mafunso ena ndi aatali ndipo wotchi siikudikirani.

Ndinayamba 5 koloko m'mawa, kunja kuli zii, chisanu chikulowa pansi pa chitseko. Mafunso 10 oyambirira ndinkanjenjemera mpaka kudina polakwika. Ndinadziikira lamulo: funso likandidyera mphindi yathunthu, ndisankhe yankho limene ndikuliganizira, ndiliike chizindikiro, ndipitirire. Pofika mphindi 30 ndinali pa funso 44.

Cha pa funso 55 magetsi anathima. Chipinda chinada bii, kunangotsala kuwala kwa laputopu. Mtima unagunda, koma batire inagwira, foni inagwira. Mnzanga anadzuka n'kuyatsa tochi osalankhula kanthu.

Ndinafika pa funso 80 kutatsala mphindi 11. Ndinali nditaika chizindikiro pa mafunso 14. Powabwerera ndinaona kuti pafupifupi theka anali a mtundu uja wa ndani agamule. Pa lililonse panali yankho lokoma m'maso, la munthu wamkulu amene akubwera kudzakonza zinthu. Ndinadzifunsa kuti kwa Nthondo kuja akanadziwa bwino ndani, amene ali pamwamba kapena amene manja ake ali pa ntchitoyo? Ndinasintha mayankho atatu. Kutatsala mphindi ziwiri ndinatumiza.

Zotsatira zimabwera nthawi yomweyo. 71 pa 80, imene ndi 88.8 peresenti. Ndinapulumuka ndi mafunso atatu. Sindidzadziwa ngati ndi atatu ndinasintha aja, koma ndimakonda kuganiza choncho. Ndinatumiza chithunzi ku Johannesburg. Yankho linabwera lalifupi: "Zabwino. Feteleza."

Zimene pepalali linachita ndi zimene silinachite

Ndisakunamizeni. Pulojekiti yathu siinapulumuke. Mu Seputembala tinapereka makiyi a njinga n'kubalalika. Mwa makopaletivi asanu, awiri okha ndi amene anali atayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ija, ndipo mayi a kwa Nthondo ankalemba pawiri, m'foni ndi m'buku, ati kuopa tsiku limene foni idzagwere m'madzi. Tikanayamba kuwafunsa mwezi woyamba, bwenzi nkhani ili ina.

Ndinatumiza makalata ofunsira ntchito malo 12. Anandiitana awiri. Pa intavyu yachiwiri, satifiketi anangoiyang'ana kamodzi n'kuiika pambali. Funso lawo linali loti ndifotokoze nthawi imene pulani inalephera ndi zimene ndinachita. Ndinawauza za shedi ija, za ndowa ziwiri lero zitatu mawa, za zilembo zosaoneka padzuwa. Anandipatsa kontirakiti ya miyezi 6. Si ntchito ya moyo wonse, koma feteleza wa azakhali anafika mvula isanagwe.

Choncho kwa inu amene mukuwerenga izi pa foni, mwina muli pa Malomo, pa Mvera kapena pa Chezi, ndipo mukuganiza zolemba mayesowa, malangizo anga ndi awa. Musayambe ndi kulipira. Tengani kabuku kaulere kaja ndi mayeso oyeserera, muone ngati zikukukomerani. Onani zotsatsa ntchito za m'gawo lanu, ngati Scrum siikutchulidwa, madola 200 ali ndi ntchito zina zabwino. Onaninso mtengo ndi malamulo pa tsamba la eni mayeso, chifukwa zimasintha. Ndipo pezani kanthu kenikeni koyeserapo: komiti ya achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti, gulu la banki mkhonde, bizinesi ya tomato ya anthu atatu. Gwirizanani cholinga cha masabata awiri, kumanani mwachidule tsiku lililonse, pamapeto onetsani zimene zatheka kwa amene zikuwakhudza, kenako funsanani chimene musinthe. Satifiketi yopanda nkhani kumbuyo kwake ndi chikomekome cha nkhuyu.

Satifiketi yanga ndinakaisindikiza pa Madisi n'kupita nayo kumudzi. Amayi anapukuta manja pachitenje, anaigwira m'mphepete, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono mpaka anafika pa liwu limene analizindikira.

"Master? Ndiye kuti tsopano ndiwe bwana eti?"

"Ayi amayi. Ntchito yake n'kuthandiza anthu kuti azigwira bwino ntchito popanda kudikira bwana."

Anandiyang'ana, anayang'ananso pepala lija.

"Madola onse aja kuti usakhale bwana?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakaipachika pakhoma, pafupi ndi kalendala ya mpingo.